Makolo, ma insole sadumphitsa mwana, ndayeza ndekha pakhoma ku Chibavi

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yathuyi. Ine ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu ndipo kwa zaka 9 tsopano ndakhala ndikuphunzitsa mpira ana a zaka za pakati pa 10 ndi 15, mwaulele, madzulo ndikaweruka kuntchito komanso Loweruka mmawa. Sindine dokotala ayi, ndine kochi wa m'dera basi, koma nkhani imene ndikulembayi yandiwawa mumtima kwa miyezi ndithu ndipo ndaona kuti ndikangoikamba pa gulu lathu la makolo la pa WhatsApp ithera pomwepo, chonsecho ikukhudza ana ambiri, ku Zolozolo, ku Chiputula, ku Mchengautuwa, ku Luwinga, konse kumene kuli matimu a ana.

Nkhani yake ndi ya ma insole, zija zimalowetsedwa mkati mwa nsapato kuti phazi lizipondapo. Amene ndikunenawa si opyapyala aja amabwera kale ndi nsapato ayi, koma olimba okhala ndi kachitunda pakati, akuti kochirikiza pakati pa phazi, pokwera paja posagunda pansi. Kwabwera anthu amene akugulitsa zimenezi kwa makolo a ana osewera mpira ndipo uthenga wawo ndi umodzi: mwana wanu akavala izi azidumpha masentimita 10 kuposa kale, azimenya mahedi onse, ndipo ngati phazi lake ndi lathyathyathya ndiye iwalani za mpira pokhapokha mugule.

Mu timu yathu muli mnyamata wa zaka 13 amene anzake amamutcha Bakha chifukwa akaponda pa simenti ndi phazi lonyowa chidindo chimatuluka chathunthu, kuyambira chidendene mpaka zala popanda podukiza. Amasewera kumbuyo, difenda wamtima ndithu. Mayi ake amagulitsa tomato ndi masamba, bambo kulibe. Tsiku lina anabwera kugraundi mayiwo, anandiitanira pambali nkunena kuti, akochi, ndamugulira mwana wanu zija zokonza phazi, andiuza kuti phazi lake ndi lopuwala ndipo matimu akuluakulu sangamutenge. Anatenga K30,000 ku banki m'khonde, ya chiwongola dzanja. Wogulitsayo anawaonetsa pa foni vidiyo ya Cristiano Ronaldo ija ya mu December 2019 akumwetsa chigoli cha mutu ndi Sampdoria, pomwe mutu wake unafika mamita 2.56 kuchokera pansi, nde anawauza kuti chinsinsi chake chili mu nsapato. Mayi aja anakhulupirira chifukwa amakonda mwana wawo, ndani sangakhulupirire. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi mawu oti lopuwala aja chifukwa mwanayo anali pomwepo akumva, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kuvula nsapato pamaso pa anzake.

Patangotha masabata awiri anayamba kutsimphina. Jombo ya mpira ndi yothina mwadala, imapangidwa kuti igwire phazi ngati sokosi, mulibe malo otsala, nde mukalowetsamo chinthu chonenepa phazi limakwera mmwamba, chidendene chimayamba kutulukatuluka pothamanga ndipo zala zimafinyika kutsogolo. Anatuluka matuza kumbuyo kwa zidendene zonse ziwiri komanso chikhadabo cha chala chachikulu chinada. Iye osanena kanthu, amaopa kuti mayi ake amva chisoni ndi ndalama ija.

Nditafunsa ndinapeza kuti mwa ana 18 a mu timu, 5 anali atagulilidwa kale. Apa ndinaganiza kuti tisakangane ndi pakamwa, tiyeze. Njira yake ndi yakalekale, aphunzitsi a masewera akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 100 ndipo siifuna ndalama: mwana amapaka choko kunsonga kwa zala, amaima chammbali pakhoma nkutambasula dzanja mmwamba kudinda, kenako amadumpha ndi mphamvu zake zonse kudindanso, inu nkuyeza ndi tepi mtunda wa pakati pa zidindo ziwirizo. Tinachita pakhoma la kuseri kwa nyumba yanga ma Loweruka awiri otsatizana. Mwana aliyense wa 5 aja anadumpha katatu ndi insole, katatu popanda, ndipo Loweruka lachiwiri tinatembenuza, amene anayamba ndi insole anayamba popanda, kuti wina asanene kuti anali atatopa. Ndinalemba zonse mu kope. Wina anakwera ndi sentimita 1, wina anatsika ndi 1, ena chimodzimodzi, pomwe mwana yemweyo nsapato yomweyo amatha kusiyana masentimita 2 kapena 3 pakati pa kudumpha koyamba ndi kwachitatu. Ana 5 ndi ochepa, ndikuvomera, koma masentimita 10 amene makolo analonjezedwa aja akanakhalapo tikanawaona ndi maso. Kenako ndinayeza timu yonse opanda nsapato pa udzu. Bakha uja anakhala wachiwiri pa ana 18.

Ndili ndi mphwanga amene anaphunzira za physiotherapy, chithandizo cha minofu ndi mafupa kudzera m'mafizo, ku Blantyre, nde ndinamuimbira foni kumufotokozera zonsezi. Anaseka kaye nkuti achimwene zimene mwapeza ndi choko wanuzo anzathu anazipeza kale ndi makina. Anandifotokozera mmene phazi limagwirira ntchito ndipo ndiyesa kubwereza mmene ndinamvera.

Phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Mafupawo anayalana mokhota ngati uta, ndipo kunsi kwake kuli mtsempha wolimba wochokera kuchidendene kufika kuzala, umenewo ndiye nsinga ya utawo. Mukaponda, uta umafwamphuka pang'ono, nsinga imakokeka nkusunga mphamvu, mukamanyamuka imabweza mphamvuyo. Ndiponso chala chachikulu chikapindikira mmwamba pamene mukunyamula chidendene, nsinga ija imakungika ndipo phazi limene linali lofewa limasanduka lolimba ngati thabwa lokankhira pansi. Kumbuyo kuli mtsempha wina waukulu wochokera ku katumba kutsikira kuchidendene, uja azungu amati Achilles, umenewo ndiye legeni yeniyeni ya mwendo. Ofufuza a ku England mu 1987 anayeza nkupeza kuti pothamanga uta wa phazi umasunga pafupifupi 17 peresenti ya mphamvu ya sitepe iliyonse, pomwe mtsempha wa kuchidendene umasunga pafupifupi 35 peresenti. Tsono taganizani, uta kuti uponye muvi umayenera kupindika. Mukautsekera ndi chinthu cholimba kunsi kuti usapindike mwauthandiza chani? Ku Australia mu 2016 anayesa zimenezi, anaveka anthu othamanga ma insole oletsa utawo kutsika ndipo anapeza kuti thupi limawononga mphamvu zochuluka ndi pafupifupi 6 peresenti pa liwiro lomwelo.

Komanso kudumpha kwenikweni sikuchokera kuphazi. Kumachokera m'matako, m'ntchafu ndi m'akatumba, chiuno bondo ndi kakolo kuwongoka motsatizana mwachangu, kuphatikiza kugwetsa thupi pang'ono musananyamuke ndi kuponya mikono mmwamba. Uzani mwana adumphe manja ali m'chiuno kenako adumphe akuponya mikono muone kusiyana kwake, nkwakukulu kuposa chilichonse chimene ine ndinaona pa insole.

Za phazi lathyathyathya ndiye mphwangayo anachita kukwiya nazo. Mwana aliyense amabadwa ndi phazi lotero, pamakhala mafuta pakatipo ndipo mitsempha imakhala yofewa, uta umayamba kuoneka akamakula ndipo kwa ambiri umakhazikika asanakwane zaka 10. Ena umakhala wotsika moyo wawo wonse popanda vuto lililonse, monga mmene ena alili aafupi ena aatali. Ku Croatia anayeza ana 218 a zaka 11 mpaka 15, msinkhu wa ana anga omwewa, kudumpha, liwiro, kuima ndi mwendo umodzi ndi zina, zotsatira zinatuluka mu 2009 ndipo a phazi lathyathyathya sanatsalire kwa anzawo. Mu 2019 ena anayeza osewera basketball, anthu amene ntchito yawo ndi kudumpha, nkupeza kuti insole imasintha pang'ono mmene kakolo akuyendera koma kutalika kwa kudumpha sikunasinthe, kwa a phazi lathyathyathya ngakhale kwa enawo. Za kukonza phazi nazo, ku America mu 1989 anatsatira ana aang'ono kwa zaka 3, ena atavala nsapato zapadera ena ma insole ena nsapato wamba, pamapeto mapazi anakula chimodzimodzi.

Koma imene inandigwira mtima ine ndi ya ku India ya mu 1992. Anaona mapazi a ana 2,300, mwa ana ovala nsapato 8.6 peresenti anali ndi phazi lathyathyathya pomwe mwa oyenda opanda nsapato anali 2.8 peresenti yokha. Ife tinakula tikumenya mpira wachikulunga pa fumbi opanda nsapato, alongo athu akusewera jingo ndi fulaye mpaka dzuwa kulowa, ndipo timaona ngati ndi umphawi chabe, osadziwa kuti timinofu ta kuphazi timalimba pomwepo. Mwai Kumwenda anayambira ku Mzimba konkuno ntchemberembaye ya opanda nsapato, mu 2015 ku Sydney anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa World Cup ya ntchemberembaye. Tabitha ndi Temwa Chawinga achokera ku Rumphi pompa. Sindikunena kuti ana azisewera gemu opanda jombo ayi, magraundi athu ali ndi magalasi osweka, misomali ndi miyala, ndipo anzawo ovala jombo angawaponde. Ndikunena kuti mwendo wa mwana wa kumpoto kuno si wopuwala, ndipo munthu asabwere kudzatiuza kuti mphamvu yake ili mu paketi.

Tsono ndisamveke ngati ndikuti ma insole ndi achabechabe, ayi ndithu, ali ndi ntchito yake ndipo ntchitoyo ndi ululu. Pano ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Zaka zanga zoyamba kuphunzitsa ndinali ndi mnyamata wa zaka 11, waluso kwambiri kumanzere, amadandaula chidendene nthawi zonse tikamaliza tuleningi makamaka mu September ndi October pamene nthaka yauma gwa. Ine ndimamuuza kuti limba ndiwe mwamuna. Anasiya mpira ndipo sanabwerenso, mpaka lero ndikamuona ku depoti mtima umandiwawa. Pano ndikudziwa kuti kwa ana amene akukula, makamaka a zaka 8 mpaka 14, fupa la chidendene limakhala lisanagwirane lonse, pali malo ofewa pamene likukulira ndipo mtsempha waukulu uja umakoka pomwepo. Mwana akamathamanga ndi kudumpha kwambiri pa nthaka yolimba, jombo yake yopanda chofewa chilichonse kunsi komanso zisonga zake zili pansi penipeni pa chidendene, malo aja amayamba kuwawa. Madokotala amati matenda a Sever. Mukafinya chidendene mbali zonse ziwiri mwana amakuwa. Zimatha zokha fupa likakhwima, koma pakadali pano amafunika kuchepetsa tuleningi, kuwongola akatumba, ndipo apa ndi pamene kachofewa koika pansi pa chidendene kamathandiza zedi. Palinso china chofanana nacho chimene chimagwira pansi pa bondo, pamatupa kachotupa kolimba kowawa, kumeneko amati Osgood-Schlatter. Makochi anzanga, mwana akamatsimphina si ulesi.

Makolo mutha kuona nokha kunyumba ngati phazi la mwana likufunika chipatala. Muuzeni aime ndi zala, chonyang'ama. Ngati uta uja watulukira pamene waima choncho, kapena ukuoneka akakhala pampando miyendo ili lende, ndipo sakumva kuwawa kulikonse, musiyeni mwanayo azisewera. Koma ngati phazi likukhalabe lathyathyathya ngakhale aime ndi zala, ndi louma losatembenuka, kapena ndi phazi limodzi lokha latero, kapena akumva kuwawa, akubinya kakolo pafupipafupi, pitani naye ku Mzuzu Central Hospital akamuone a physiotherapy kapena a mafupa. Iwowo akaona kuti pakufunika insole adzanena ya mtundu wanji, atagwira phazi la mwanayo ndi manja awo, osati kungofunsa saizi pa foni. Ku Blantyre kulinso chipatala cha Beit CURE chimene chimaona za mafupa a ana pa mavuto akuluakulu.

Vuto lenileni la mapazi limene ine ndimaliona tsiku ndi tsiku ndi jombo zosakwana. Ambiri timagula za kaunjika, ndipo kholo limagula yaikulu ndi masaizi awiri kuti akule nayo, ndikumvetsa chifukwa ndalama ndi yovuta, nde mwana amatsendera nyuzipepala kapena siponji kutsogolo nkumathamanga phazi likusambira mkati. Ena amavala ya mkulu wawo imene inathina kalekale. Ena zisonga zinatha mbali imodzi, ndipo ndi mvula yathu ya ku Mzuzu ino imene imagwa mpaka April kapena May, pa matope amangoterereka. Mwana amene sakukhulupirira pamene waponda sangadumphe ndi mtima wonse. Ngati jombo yakulirapo pang'ono, osoka nsapato a mumsika amatha kukudulirani chopondera chopyapyala chathyathyathya pa mtengo wochepa, ndi masokosi awiri basi phazi lagwira. Ndalama ya insole ija ikanagula jombo yokwana bwino, yotsala nkugula soya, mtedza, mazira ndi usipa, chifukwa ana ena amafika pa tuleningi ya 4 koloko atangomwa tiyi wa mmawa ndipo miyendo yanjala siidumpha.

Zimene zimakweza kudumpha tazichita ndipo zilibe mtengo. Kawiri pa sabata, mphindi 15 tisanagwire mpira: kudumpha chingwe, kudumpha ndi mwendo umodzi kutsogolo ndi chammbali, kunjuta nkudzuka, kukwera ndi kutsika ndi zala pa sitepe, kudumpha mizere ya mabotolo. Pa udzu wabwino timavula nsapato. Chimene ndimalimbikira kwambiri ndi katsikidwe, kutera mofewa ndi kutsogolo kwa phazi, mawondo opinda ndipo asagwere mkati, poti bondo limaduka potera osati ponyamuka, ndipo kwa atsikana ngoziyi ndi yaikulu kuposa kwa anyamata. FIFA ili ndi pulogalamu yotenthetsa thupi yotchedwa 11+ Kids ya ana a zaka 7 mpaka 13, imapezeka ulele pa intaneti, ndipo itayesedwa m'mayiko anayi a ku Ulaya inachepetsa kuvulala ndi pafupifupi theka. Titachita zimenezi masabata 8 tinabwerera kukhoma kuja, ana 14 mwa 18 anakwera, ambiri ndi masentimita 3 mpaka 5. Ena mwa masentimitawo ndi kukula chabe, ana a msinkhu uwu amasintha mwezi ndi mwezi, koma zidindo za choko zilipo pakhoma aliyense atha kudzaona.

Ndipo hedi si kudumpha kokha. Tonse tikukumbuka usiku wa pa 25 January 2022 ku Yaoundé, pa mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa, Gabadinho Mhango atamwetsa chigoli chapatali chija ndi Morocco Mzuzu yonse inagwedezeka, koma nthawi yopuma itatsala pang'ono Youssef En-Nesyri anabweza ndi mutu, kenako Hakimi nkutimaliza ndi firikiki. En-Nesyri yemweyo mu December chaka chomwecho pa World Cup ku Qatar anatulutsa Portugal ndi hedi imene akuti inafika mamita 2.78. Muonereninso bwino pa vidiyo, munthuyo ndi wamtali kale, amathamangira mpira masitepe angapo, amawerenga pamene ukugwera nkunyamuka nthawi yake yeniyeni goloboyi asanafike. Zimenezo zimaphunziridwa pa graundi zaka ndi zaka. Kwa ana aang'ono kwenikweni tisathamangire nkomwe mahedi, ku America kuyambira 2015 ana a zaka 10 kutsika saloledwa kumenya mpira ndi mutu pofuna kuteteza ubongo, pomwe ife kuno timawaponyera mpira wa akuluakulu wonyowa ndi mvula.

Pempho langa likupita kwa a FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ndi a Northern Region Football Association. Mukamachititsa maphunziro a makochi a ana muziitana a physiotherapy ngakhale kwa tsiku limodzi adzatiphunzitse za chidendene, bondo ndi jombo, poti ife ndi amene makolo amatifunsa ndipo tikasowa yankho amakafunsa kwa wogulitsa. Pa mipikisano ya ana pa Mzuzu Stadium patakhala tebulo limodzi pamene kholo lingaonetse phazi la mwana kwa munthu wodziwa, ngongole zina sizikanatengedwa. Akuluakulu a Moyale Barracks ndi Mzuzu City Hammers nanunso tithandizeni, osewera anu ana athu amawamvera kuposa ife, mmodzi atangobwera kudzavula jombo nkuwaonetsa phazi lake zingasinthe maganizo a ana ambiri. Kwa ogulitsa, malonda ndi malonda sindikukuletsani, gulitsani kwa amene chipatala chawalembera, koma mawu oti mwana ndi wopuwala asatulukenso pakamwa panu pamaso pa mwanayo.

Mayi ake a Bakha anamaliza kubweza ngongole ija mwezi watha. Ma insole aja anayesa kubweza koma anawakanira poti anali atavalidwa kale, nde ali pa windo kunyumba kwawo. Matuza anapola, chikhadabo chatsopano chikumera, ndipo makolo a timu tinasonkherana kumugulira jombo ya saizi yake. Kuvula nsapato pagulu ndiye akuchitabe manyazi, pa udzu amayamba wayang'ana kaye anzake, ndipo dzina lija ndawaletsa anawo ngakhale ndikatembenuka ndimalimvabe. Loweruka loyamba la mwezi wamawa tiyezanso 8 koloko mmawa, makochi a matimu ena a ana amene mukufuna kuona mmene timachitira mufunse graundi ya ana ku Chibavi, mubwere ndi ana anu ndi tepi ngati muli nayo, choko ndili nacho chokwanira.

Kochi wa timu ya ana,
Chibavi, Mzuzu